Mackenzie King anagonja mu 1925, nanga anakhalabe bwanji nduna yaikulu?

Mmodzi wa awerengi athu watifunsa pa imelo kuti: "Ndamva kuti William Lyon Mackenzie King wa ku Canada anagonja pa chisankho cha 1925 koma sanachoke pampando. Kodi sikunali kubera kumeneko?"

Ayi, sikunali kubera. Funsoli likuchokera pa zomwe tinazolowera kuno, kovotera pulezidenti mwachindunji. Ku Canada anthu amavotera aphungu okha, ndipo boma limakhala m'manja mwa amene aphungu ambiri akumuikira kumbuyo m'Nyumba ya Malamulo.

Nthawi imeneyo mipando inali 245, choncho kuti chipani chilamule pachokha pankafunika 123. Chipani cha Conservative cha Arthur Meighen chinaposa cha Liberal cha King ndi mipando pafupifupi 15, koma 123 sichinakwanitse. King, yemwe mpando wake wauphungu wa dera la York North unamupulumukanso, anadalira aphungu a chipani cha Progressive, ambiri oimira alimi akumadzulo amene ankadana ndi misonkho yokwera ya katundu wolowa m'dziko yomwe Meighen ankaikonda. King analowanso m'Nyumbamo kudzera pa chisankho chachibwereza ku Prince Albert mu February 1926.

Zinthu zinavuta pamene katangale wa ku nthambi ya kasitomu anaululika. Poona kuti aphungu amudzudzula pa voti, King anapempha bwanamkubwa Lord Byng, woimira mfumu ya Britain, kuti athetse Nyumba ya Malamulo. Byng anakana, King n'kutula pansi udindo pa 28 June 1926, ndipo Meighen anatenga mpando.

Apa lamulo lina linamupinga Meighen. Phungu akasankhidwa kukhala nduna yolandira malipiro ankayenera kukapikisananso kudera lake, zomwe zikanamuchepetsera mavoti m'Nyumbamo. Anazemba poika nduna zogwirizira chabe. King anagwira pomwepo, nati bomalo n'losavomerezeka, ndipo pasanathe sabata linagwa ndi voti imodzi yokha.

Pa kampeni ya chisankho chatsopano chimene chinatsatira, King anaikwirira nkhani ya katangale ija ndi funso lina: bwanamkubwa wotumidwa kuchokera ku London angakane bwanji pempho la nduna yaikulu ya Canada? Kunena zoona Byng anali ndi zifukwa zomveka, koma pandale King anamuchenjerera. Anapambana pa 14 September 1926, Meighen n'kutaya ngakhale mpando wake wauphungu. Zaka zonse zimene King analamulira, mpaka 1948, zinaposa 21.