Mawaya a ku Nkula ankadutsa pamwamba pa mudzi wathu

Mtsikana wina wa ku Neno wandilembera imelo yomwe yandisowetsa tulo, yokhudza Nkula, malo opangira magetsi pa mtsinje wa Shire. Akuti: "Malume, Nkula ili pakhomo pathu penipeni koma ife tikuwunikirabe tochi. Yatipindulira chiyani?"

Mwana wanga, wandikhudza pachilonda.

Ndidakulira chakufupi ndi Zalewa. Mawaya akuluakulu ankadutsa pamwamba pa munda wathu, ndipo kukagwa mame ankalira ngati njuchi. Ine pansi pake ndinkawerenga ndi koloboyi, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye. Amayi ankalawirira pamtondo tambala woyamba, manja ali matuza okhaokha, chifukwa chigayo cha dizilo chinali kutali ndipo mafuta akasowa chinkangokhala zii. Tsiku lomwe chigayo chamagetsi chidafika pamsika pathu sindidzaliiwala. Amayi adabwerako dzuwa lisanafike pamutu, natula dengu la ufa, nakhala pakhonde kwa nthawi yaitali akungoyang'ana manja awo. Mng'ono wanga adabadwira pansi pa babu kuchipatala, pomwe ine azamba adandilandira ndi nyali.

Choncho wina akamati Nkula ilibe phindu, ine ndimakana. Nkula A, gawo loyamba la malowa, idayamba kugwira ntchito mu 1966, patangopita zaka ziwiri tilandire ufulu, ndi makina atatu opereka mamegawati 24. Madzi a Shire akamatsika pamathithi aja amazunguza makinawo, basi, osagula dontho la mafuta. Ataikonzanso mu 2018 mphamvu yake idapitirira mamegawati 35. Wowotcherera zitseko pa Zalewa, wometa tsitsi, firiji yosungira katemera wa ana, onsewo akudya za mtsinjewu.

Koma ukunena zoona, ndipo pomwe ndikulembamu mtima ukundiwawa. Si chilungamo kuti mudzi womva kulira kwa mawaya uzigona mumdima pamene magetsiwo akuwalitsa Blantyre. Oyandikana ndi mtsinje adayenera kukhala oyamba. Pamenepa sindisuntha.

Za mtsinjewo

Nafenso tili ndi mlandu. Matumba a makala ondanda m'mbali mwa msewu aja ndi mitengo ya m'mapiri athu. Mvula ikagwa dothi lonse limakokolokera mu Shire, matope n'kudzaza podzera madzi, namasupuni naye n'kutseka makina. Ndicho chifukwa chake pa Kamuzu Barrage ku Liwonde amachita kuvuula zomerazi zisanatsike. Komabe wootcha makala sindimuweruza msanga, poti amene amagula ndi ife a m'tauni, ena mwa ife magetsi tili nawo m'nyumba. Ndidaonapo bambo wina akukankha njinga ya matumba atatu pachitunda, malaya atanyowa, nsapato zili za matayala. Ana ake nawonso amafuna ufa.

Tsono iwe chita izi: pita ndi anzako kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, mulembetse dera lanu kukhonsolo kuti liganiziridwe pa MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi. Yambirani pa sukulu ndi chipatala, ndipo kope ya kalatayo musunge.