Funsani za galimoto: Ndinakonzetsa kwa makaniko wanga, kodi waranti yafa?

FUNSO

Zikomo ankolo. Ine ndimakhala ku Matawale konkuno ku Zomba, chaka chatha ndinagula pick-up yatsopano kwa dila ku Blantyre, yapangongole, ndipo ikadali pa waranti. Sevisi ziwiri zoyamba ndinapita nayo konko, koma mafuta opitira, kujomba kuntchito tsiku lonse, kuphatikizapo bilu yawoyo zinandikwana, ndiye ulendo wachitatu ndinangoyipereka kwa makaniko wanga wa ku Chinamwali amene ndamudziwa zaka zambiri. Anasintha oyilo, fyuluta ndi mapadi a mabuleki omwe ndinagula ndekha mushopu. Pano windo ya kwa dalaivala yasiya kukwera. Alamu anga akuti ndisavutike kupita, waranti ndinayipha kale, pomwe mnzanga wina wandionetsa pa Facebook kuti dila alibe mphamvu yokana. Zoona ndi ziti?

Wowerenga, Matawale

YANKHO

Achimwene, pitani nayo ku Blantyre galimotoyo, musamugwiritsenso munthu wina windoyo. Alamu anuwo afulumira kugamula.

Waranti ndi lonjezo la kampani yopanga galimoto loti chinthu chikawonongeka chifukwa chinapangidwa molakwika akukonzerani ulere, kwa nthawi yomwe analemba, zambiri zimakhala zaka 3 kapena makilomita 100,000 kutengera chomwe chayamba kukwana, koma onani m'buku lanu poti zimasiyana. Zinthu zomwe zimatha n'kuyenda ngati mapadi, matayala ndi mawaipa nthawi zambiri sizikhalamo n'komwe. Ndiye funso lenileni pa nkhani yanuyi ndi loti chawononga windoyo n'chiyani. Kamota kokweza windo kali m'chitseko, sikakumana ndi oyilo wa injini, sikakumana ndi mabuleki, ndiye munthu akakuuzani kuti kafa chifukwa munasintha fyuluta ku Chinamwali mufunseni akufotokozereni njira yake.

Komatu zomwe wakuonetsani mnzanuyo musazitenge ngati chishango. Zambiri zimene zimayenda pa Facebook zija ndi za ku America, kumene kuli lamulo la 1975 lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act, loletsa kampani kukukakamizani kugula maspeya ake okha kuti waranti ikhalepobe. Ku South Africa nakonso Competition Commission inatulutsa ndondomeko yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 July 2021, yolola eni galimoto kukonzetsa ku galaja yomwe akufuna waranti isanathe. Ndi zabwino ndithu, ine ndimalakalaka zitafika kuno, koma amenewo ndi malamulo a kwawo, simungakayime nawo pakauntala ku Blantyre. Kuno choyamba chimene adzatsegule ndi kabuku ka waranti ndi ka sevisi kamene anakupatsani tsiku logula, kaja ambirife timangokaponya mu dashibodi osawerenga. Kawerengeni usiku uno, makamaka pomwe akunena za nthawi ya sevisi ndiponso ngati analemba kuti izichitikira kwa iwo okha. Mawu amenewo ngati alimo ndipo munasayinira, mkangano wanu ukhala wovutirapo, ngakhale kuti windo ndi oyilo n'zosakhudzana.

Pomwe ndikuderani nkhawa ine si pawindopo ayi, ndi pa injini. Fyuluta ya oyilo yafeki kunja imaoneka bwinobwino, bokosi lokongola, dzina lomwelo, koma mkati pepala lake ndi lofooka, limang'ambika kapena kutsekeka, fumbi ndi tizitsulo n'kumazungulira mu injini. Oyilo nayenso ali ndi manambala ake, 5W-30 si chimodzimodzi ndi 20W-50, ndipo injini zatsopano za dizilo zokhala ndi turbo sizilola kungothira aliyense amene wapezeka. Injini ikadzagogoda iwo n'kupeza fyuluta yotereyo, pamenepo adzakana ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka, bilu yake n'kuposa masevisi onse munapulumutsa aja, ngongole ya galimoto ikadalipo. Makaniko wanuyo sindikumunyoza, tili ndi amisiri ambiri mu Zomba muno odziwa ntchito kuposa mmene anthu amawaonera, vuto limakhala katundu amene tawagulira ife eni.

China ndikufunseni, alipo anagwirapo mawaya? Alamu yoteteza kuba, tracker yolondolera komwe galimoto ili, wailesi yatsopano, magetsi owonjezera kutsogolo, zonsezi anthu amadula mawaya polumikiza, ndipo windo yanuyo ndi ya magetsi. Ngati zinachitika, dziwani kuti adzayambira pomwepo.

Mukamapita musabise za sevisi yachitatuyo, adzaona okha kuti m'buku mulibe chidindo. Tengani malisiti a oyilo, fyuluta ndi mapadi, ndipo makaniko wanuyo akulembereni papepala tsiku lomwe anagwira ntchito, makilomita omwe inali itayenda, mtundu wa oyilo, n'kusayinira. Akakana kukonza, apempheni mwaulemu akulembereni chifukwa chake m'kalata, osati pakamwa. Kalata imeneyo mutha kupita nayo ku Competition and Fair Trading Commission, amene amalandira madandaulo a ogula, ndipo tilinso ndi Consumer Protection Act ya 2003 yoteteza ogula m'dziko muno.

Ndikanakhala ine, sevisi ya injini ndikanabwerera nayo kwa dila mpaka waranti ithe, zopweteka m'thumba inde, kenako n'kumusiyira wa ku Chinamwali uja zonse. Ndipo mapadi munagula aja awonetseni kwa wodziwa, makamaka ngati mumakwera ku Chawe, kutsetsereka kwa phiri lija kumatenthetsa mabuleki kwambiri.

FUNSO

Ankolo, yanga ndi Sienta ya ex-Japan, inadzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe miyezi 4 yapitayo, pano giyabokosi ikudumpha. Kodi kampani yopanga ingandithandize?

Mayi wa ku Sadzi

YANKHO

Pepani mayi, galimoto zobwera zitagwirapo kale ntchito ku Japan zimafika waranti ya kampani itatha kalekale, ndipo inali ya msika wa konko. Chomwe chingakuthandizeni ndi pepala la amene anakugulitsaniyo ngati analonjezapo kanthu molemba. Pakadali pano siyani kuyendetsa maulendo ataliatali, pezani makaniko wokhala ndi makina a diagnosis, a kompyuta oyezera vuto la galimoto, ndipo asathiremo oyilo wamba wa otomatiki asanatsimikize mtundu wake, Sienta zambiri zili ndi giyabokosi ya mtundu wina wotchedwa CVT yomwe ili ndi oyilo wakewake.