Yankho kwa mlamu pa za magazi a mnyamata uja

Mlamu, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa, ndinali pa ntchito ya usiku kuwodi, foni ndaigwira pompano. Ndamva zimene mwanena, kuti mnyamata wathuyu kwa masiku atatu akachoka kuchimbudzi akuona timagazi pa tishu, ndipo akumva kuwawa ngati wachekedwa ndi lezala. Mtima pansi kaye. Wachita bwino kukuuzani, anzake a zaka 17 amangozibisa mpaka chaka chitha.

Mmene mwafotokozeramo, magazi ofiira piriwiri, ochepa, ongopaka pa tishu, kuphatikiza ululu wochekawo, ine ndikuganiza kuti wang'ambika pang'ono pakhungu la potulukira chimbudzi. Zimayamba ndi kudzimbidwa. Chimbudzi chikauma gwa, munthu n'kumachima kuti chituluke, khungu la pamenepo ndi lofewa, limang'ambika ngati mlomo wa munthu m'nyengo yozizira. Ndiye poti zikuwawa, mwana amayamba kuopa kuchimbudzi, amadzigwira, chimbudzi chimaumiratu, tsiku lopitalo pamang'ambikanso pomwe paja. Mukamufunsa bwino mupeza kuti kusukulu yogonerako mwina amatha masiku atatu osapita, chifukwa zimbudzi zake mukuzidziwa. Madzi samwa, amangoti mandasi ndi zozizilitsa kukhosi. Tishu ikatha amang'amba pepala la kope, lolimba lija. Apo khungu lingapirire?

China chimene chimachita zofanana ndi mudzi. Anthu amati ndi matenda a akuluakulu kapena amayi oyembekezera okha, koma ayi, achinyamata ndimawaona. Ndi mitsempha ya magazi ya kumbuyoko imene imatupa chifukwa cha kuchima ndi kukhalitsa pachimbudzi, makamaka masiku ano munthu kulowa ndi foni n'kutha theka la ola. Mudzi wa mkati nthawi zambiri suwawa, magazi amangodontha pambuyo pa chimbudzi. Nthawi zina pamayabwa, kapena pamatuluka kanyama. Poti iyeyu akuti zikucheka, ndikukayika kuti ndi umenewo, koma wodziwa ndi amene wayang'anapo.



Tsono chimene ndikufuna musachiiwale ndi ichi. Mwana uyu holide yapitayi anali ku Mangochi kwa amalume ake, zithunzi tinaziona pagulu lathu la pafoni lino, tsiku ndi tsiku ali m'nyanja. Ife tinazolowera kuti likodzo ndi kukodza magazi basi. Koma lilipo la mtundu wina, limene tinyongolotsi take timakhala m'mitsempha ya m'matumbo, mazira ake n'kumatulukira m'chimbudzi, nthawi zina ndi magazi. Silionekera tsiku lomwelo, pamapita masabata angapo munthu atasamba m'madzi okhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Ndiye musangoti ndi kudzimbidwa n'kukhala pansi. Apite kuchipatala, anene yekha kuti ndinkasambira kunyanja, amuyeze chimbudzi ndi mkodzo womwe. Akapezeka nalo mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'masukulu, amapereka molingana ndi thupi la munthu. Akamwe atadya, apo ayi amachititsa nseru ndi chizungulire. Likodzo la m'matumbo likalekereredwa zaka limawononga chiwindi, n'chifukwa chake ndikulimbikira.

Kamwazi ndikuona ngati ayi, poti simunanene zotsegula m'mimba. Kamwazi amabwera ndi kupotokola, kutentha thupi, chimbudzi chamadzi chosakanikirana ndi magazi ndi zonanda ngati mamina. Zikatero n'zosadikira mawa.

Zinanso zothamangira nazo tsiku lomwelo, mumvetsetse: magazi ambiri kapena a zibuluma, chizungulire akaimirira, m'maso ndi m'manja kuyera, kapena chotupa chowawa kwambiri chotuluka mafinya. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, chonunkha modabwitsa, amenewo ndi magazi ochokera kumtunda, mwina zilonda za m'mimba, ndipo brufen ndi asipirini zimachititsa zimenezo munthu akamamwa mwachisawawa. Koma mapiritsi owonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, amenewo si vuto. Ngati akuonda, kapena magazi akusakanikirana ndi chimbudzi kwa masabata, madokotala amafufuza kutupa kwa matumbo ndi zina. Ndikudziwa kuti mtima wanu wathamangira ku khansa. Pa msinkhu wakewu siichitikachitika, koma ngati kwanu kunali wina amene anadwala khansa ya m'matumbo, makamaka asanakalambe, mukawauze adokotala.

Pakadali pano kunyumbako, ufa woyera muupumitse kaye, adye mgaiwa. Nyemba, nkhwani, bonongwe, therere, papaya wakupsa m'mawa, mbatata m'malo mwa buledi. Madzi azimwa mpaka mkodzo uzioneka woyera, osati wachikasu ngati tiyi. Chimbudzi chikamupeza apite nthawi yomweyo, asachime, foni aisiye panja, ndipo adzitsuke ndi madzi m'malo mopukuta mwamphamvu. Madzulo muthire madzi ofunda m'beseni, ofunda chabe osati owotcha, akhalemo mphindi 10 kapena 15. Zimamasula minofu ya pamenepo ululu n'kuchepa. Ululu ukavuta, panado. Kuchipatala angamupatse mankhwala ofewetsa chimbudzi ndi odzola. Kachilonda kameneka kawirikawiri kamapola m'masabata ochepa chimbudzi chikafewa, koma kakapitirira masabata 6 abwererenso.

Chonde mlamu, apongozi akamva abwera ndi mizu yawo, muwakanize mwaulemu. Ndaonapo ana atawaika zinthu kumbuyoko, ena kuwatema mphini, kubwera kuchipatala kwathu atapsa khungu lonse, nkhani yaing'ono itasanduka yogonekedwa.

Ndipo nkhaniyi tiichotse pagulu pano, asuweni ake akaiona amuseka, mawa sadzanenanso kanthu. Kuchipatalako mumusiye alowe yekha, pali mafunso ena amene mnyamata sangayankhe mayi ake ali pomwepo. Ngati akuchita manyazi ndi namwino wamkazi apemphe wamwamuna, n'zololedwa. Mupite Lolemba m'mawa mzere usanatalike, mukatuluka mundijambulire zimene alemba m'kabuku kake ka kuchipatala munditumizire kumbali. Ine ndikagone kaye, maso akulemera.