Funsani a Malume: Kodi mafilimu oopsa aja akutithawitsira alendo?

A Malume, ine ndimayendetsa boti la injini ku Senga Bay, kunyamula alendo opita ku chilumba cha Namalenje kukaona ng'azi ndi mbalame. Mwezi watha kunabwera atsikana awiri achizungu, zikwama zili kumsana. Mtengo tinagwirizana bwinobwino, koma ataona kuti m'botimo tili awiri okha ine ndi mng'ono wanga, mmodzi anangoti sakwera. Mnzake anandinong'oneza kuti anaonera filimu ya alendo omwe anapita kukasambira pamalo obisika, eni dera nkuwagwira kukawachotsa impso. Mtima unandipweteka tsiku lonse. Kodi zimenezi zinachitikadi? Nanga mafilimu oterewa amawapangiranji?
Woyendetsa boti, Senga Bay

Mphwanga, pepa kwambiri. Palibe chowawa ngati kukuyang'ana ngati chigawenga pomwe iwe wadzuka m'mamawa kukasaka ya ufa.

Momwe wafotokozeramo, ndikuganiza kuti filimuyo ndi Turistas, ya mu 2006. Achinyamata oyenda ndi zikwama achita ngozi ya basi ku Brazil, apeza gombe lokongola, awamwetsa mankhwala, awabera, kenako agwa m'manja mwa dokotala wochotsa ziwalo. Nkhani yonseyo ndi yopeka, ndipo anaipanga ndi anthu a ku America. A ku Brazil anakwiya nayo kwambiri, ena nkumauzana kuti asakaionere, mpaka Josh Duhamel, yemwe anasewera m'filimuyo, anapepesa pa wailesi yakanema. Chaka cha 2005 kunatuluka ina, Hostel, ya Eli Roth: anyamata oyendayenda afika ku Slovakia, nkugulitsidwa kwa anthu olemera omwe amalipira ndalama kuti azizunza anzawo. Akuluakulu a ku Slovakia anadandaula kuti dziko lawo lanyozedwa. Chonsecho filimuyo sanaijambulire nkomwe kumeneko; anakajambulira ku Czech Republic.

Amawapangiranji? Ndalama, mphwanga. Hostel anaipanga ndi madola osakwana 5 miliyoni, inabweretsa oposa 80 miliyoni. Ndipo mantha amene amagulitsawo ndi osavuta kuwautsa. Munthu ali kutali ndi kwawo, chilankhulo sakumva, foni sikugwira, pasipoti yapita, kwada. Ukangoyika munthu pamenepo, aliyense womumwetulira amasanduka mdani.

Sindikunena kuti mlendo sanaphedwepo paulendo. Filimu ya ku Australia yotchedwa Wolf Creek, ya 2005, inatengerako zina pa nkhani ya Ivan Milat, yemwe anapha achinyamata asanu ndi awiri oyenda ndi zikwama ndipo anamangidwa moyo wonse mu 1996. Mtsikana woyenda kudziko lachilendo ali ndi chifukwa chokhalira tcheru, ndipo pamenepo sitingamudzudzule. Koma za impsozo ayi. Kuika impso mwa munthu wina kumafuna kuyeza magazi kuti agwirizane, madokotala odziwa ntchitoyo, chipinda cha opaleshoni, ndiponso kufulumira chifukwa impso ikachoka m'thupi siikhalitsa. Malonda a ziwalo alipo padziko lapansi, koma ovutika nawo kwenikweni ndi amphawi omwe amanyengereredwa kugulitsa, osati alendo odzapuma m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja.

Chimene chimandipweteka ine m'mafilimu amenewa ndi momwe amaonetsera mwini dera. Mlendo ali ndi dzina, ali ndi chibwenzi, ali ndi amayi ake omwe akumudikira. Mwini mudzi alibe dzina, alibe mwana wodwala, alibe ngongole ya mafuta a injini. Amangotulukira kuchokera m'tchire ndi chikwanje. Mtsikana uja atakuyang'ana pagombe paja sanaone iwe. Anaona munthu wopanda dzina uja.

Komatu tisangoloza anzathu chala. Mantha omwewa ife tili nawo, kungoti amayang'ana mbali inayo. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamudzi, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Panalibe filimu pamenepo, inali nkhani yongouzana pachitsime ndi pa WhatsApp, koma inapha anthu enieni.

Tsono iwe chita izi. Mlendo asanakwere, muonetse majekete opulumutsira pamadzi, aliyense avale lake. Lembetsa dzina lako, nambala ya foni ndi nthawi yobwerera pamalo pomwe iye akugona, iye akuona. Akafuna kukujambula iwe ndi boti kuti atumizire abale ake, mulole, usakhumudwe. Ndipo umuuze zoopsa zenizeni za nyanja yathu, chifukwa munthu amakhulupirira amene wamuchenjeza: mwera womwe umawomba m'miyezi yozizira nkudzutsa mafunde mwadzidzidzi, mvuu m'malo a bango, udzudzu wa malungo madzulo, ndi likodzo m'madzi odekha momwe muli nkhono. Muuze kuti mankhwala a likodzo alipo, praziquantel, ndipo akafunse kuchipatala akabwerera kwawo. Mwera ukavuta, kana ulendo ngakhale ndalama ili m'manja.

A Malume, mwana wanga wa zaka 10 anakalowa m'kanyumba koonetsera kanema pamsika, anaonera filimu ya azungu omwe ankadulidwa ziwalo paulendo. Tsopano usiku amadzidzimuka akukuwa, ndipo akukana kupita kwa azakhali ake ku Lilongwe pa holide. Nditani?
Mayi wa ana atatu, Nkhotakota

Mayi, musamukalipire ndipo musamuseke. Mafilimu amenewa anawapangira akuluakulu. Maiko ambiri amaletsa kuonetsa ana. Kuno kwathu amafika atawaikira kale mawu a Chichewa, womasulira uja nkumakometsera ndi nthabwala, choncho mwana amamva zonse ngati zikuchitikira kuseri kwa msika wa kwathu.

Khalani naye masana, osati usiku, akufotokozereni yekha zomwe anaona. Muuzeni kuti magazi aja ndi utoto, manja odulidwa aja ndi a labala, ndipo anthu aja ali moyo, anangolandira malipiro. Ngati muli ndi foni ya intaneti, pa YouTube pali makanema oonetsa momwe amapangira zilonda zabodzazo. Yambani mwaonera nokha musanamuonetse. Kwa masiku angapo agone pafupi nanu, nyali ikuyaka. Za ku Lilongwe musamukakamize; azakhali akewo alankhule naye pafoni, ndipo ngati kungatheke mumuperekeze nokha. Mwini kanyumba kaja mupite mukamuone ndi makolo anzanu, apo ayi kudzera kwa amfumu, kuti mafilimu oterewa asamaike masana ana akaweruka kusukulu. Kukuwako kukapitirira milungu ingapo, kapena akayamba kukodza pogona, pitani naye kuchipatala.