Za mndandanda wa ma link womwe wina wakukoperani

Achemwali, mwati mwatha miyezi isanu mukusonkhanitsa ma link a mabungwe opereka ma scholarship, ndiye wina wangonyamula zonse n'kuika pa tsamba lake ngati zake. Mukufunsa ngati lamulo la copyright lingakuthandizeni. Lingathe, koma osati pa zonse.

Link payokha si yanu, ndi adiresi chabe. Ndipo ngakhale zikupweteka kumva, lamuloli siliwerengera thukuta. Ku America nkhani yonga yanuyi inafika ku khoti lalikulu mu 1991. Kampani ya mafoni ya ku Kansas, Rural Telephone, inasumira kampani ina yotchedwa Feist chifukwa chokopera buku lake la manambala. Umboni unalipo wosachita kufunsa, poti mayina anayi abodza omwe a Rural anaikamo dala ngati msampha anapezeka m'buku la Feist. Komabe a Rural anagonja. Khoti linati kundandalika mayina kuyambira A mpaka Z si luso, aliyense angachite. Ku Ulaya kuli lamulo lina la 1996 lomwe limateteza database (nkhokwe ya zinthu zosonkhanitsidwa pamodzi) kwa zaka 15 chifukwa cha ndalama ndi ntchito zomwe munthu walowetsapo, koma limenelo ndi la kumeneko.

Chomwe mungaimirepo ndi kasankhidwe kanu, kasanjidwe kanu, ndi mawu omwe munalemba nokha. Ngati munataya ma link ena chifukwa ndi a akamberembere, otsalawo n'kuwagawa mwa nzeru zanu, ndipo pansi pa iliyonse munafotokoza kuti awa amalipira ndege, awa amafuna kalata ya abwana, pamenepo muli ndi poyambira. Taonani ngati iye wakopera ndi mawuwo, makamaka pomwe munalakwitsa sipelo. Akuba ambiri ndi aulesi, sakonza.

Musanamulankhule, jambulani ma screenshot a tsamba lake, tsiku likuoneka, chifukwa akamva fungo afufuta usiku womwewo. Sungani fayilo yanu yoyamba, ndipo onani ngati Wayback Machine, tsamba la pa intaneti losunga momwe masamba ena ankaonekera, inasunga tsamba lanu kale. Kenako mulembereni mwaulemu kuti achotse kapena atchule dzina lanu. Akachita makani, dandaulani kwa eni malo omwe waikapo. Facebook ili ndi fomu yake ya copyright. A COSOMA, bungwe loona za copyright ku Lilongwe, muthanso kuwafunsa zomwe lamulo lathu la 2016 likunena pa ntchito ngati yanuyi.

Zakukhoti ine sindingakulimbikitseni msanga. Loya yekha angadye ndalama zoposa zomwe mndandandawo unakubweretserani.