Musanagule vernier yotchipa, ikani beringi m'thumba

Mnyamata wina amene wangotsegula kagalaja ka njinga zamoto wandilembera imelo. Akuti wapeza vernier (chida choyezera kukula kwa zitsulo m'mamilimita) ya dijito yotchipa kwambiri mu hadiweya, ndipo akufunsa: "Kodi imeneyi ingandigwirire ntchito, kapena ndidikire mpaka ndidzapeze ndalama ya Mitutoyo?" Kumapeto kwa imeloyo wafunsanso za masipanala oti agule.

Achimwene, musadikire. Mitutoyo, kampani ya ku Japan yomwe inayamba mu 1934, imapangadi zida zabwino, koma zachinyengo zolembedwa dzina limeneli zilinso mbwee, moti dzina lokhalo lisakukopeni. Yotchipayo iyeseni pakauntala pomwepo musanapereke ndalama.

Tsekani milomo yake, muikweze kudzuwa. Kuwala kukamadutsa pakati, isiyeni. Kenako itseguleni ndi kuitseka kakhumi. Nthawi zonse izibwerera pa 0.00, ndipo poyenda isamagwiregwire kapena kugwedera.

Pochoka kugalaja mutenge beringi yatsopano ya 6203. Bowo lake ndi mamilimita 17, kunja 40, m'mbali 12, ndipo maberingi amapangidwa mosamala kuposa momwe vernier ingaonere. Ikasiyana ndi 0.02 kapena 0.03, palibe vuto, ngakhale zodula zimatero. Ikasiyana ndi 0.1, ndiye chidole chimenecho. Muyeze bowolo makamaka, chifukwa timilomo tam'mwamba toyezera m'kati nditomwe opanga zotchipa amatichitira ulesi. Muyeze katatu, mukuitembenuza beringiyo. Wogulitsa akamakana kuti muitulutse m'bokosi, pitani kwina.

Vuto la za dijito zotchipa ndi batire. Zambiri zimadyabe moto ngakhale mutazimitsa, choncho muzichotsa kabatire ka LR44 mukaweruka. Madzi kapena girizi zikafika pamzere wake, manambala amayamba kudumphadumpha. Ine pagalaja ndimakonda yachikale ija yowerenga ndi maso, yomwe njira yake anaitulukira Pierre Vernier wa ku France mu 1631. Siifuna batire, ndipo ikagwa m'fumbi mumangoipukuta basi. Yapulasitiki ija asiyireni akalipentala. Komanso dziwani kuti kuyeza kutha kwa pisitoni kumafuna micrometer, chida choyezera mwatsatanetsatane kuposa vernier. Vernier, ngakhale yodula motani, singakuuzeni zoona pamenepo.

Za masipanala munafunsa kumapetozo, zilembo za "Cr-V", zosonyeza mtundu wa chitsulo cholimba, zisakunyengeni, aliyense angathe kuzidinda pachitsulo. Tengani nati yatsopano, muikemo sipanalayo. Ikamasewera, idzakuonongerani mitu ya mabawuti a makasitomala, ndipo mudzathera tsiku lonse mukulimbana ndi bawuti imodzi ndi tchizulo. Ine ndinagulapo seti yonyezimira bwino, sipanala ya 10 n'kuyasama kukamwa sabata yoyamba yomwe. Pulayazi muiyese ngati vernier, poikweza kudzuwa. Hamala ndiye gulani iliyonse, bola mpini wake usagwedere.

Ndalama ikachepa, musagule seti yonse. Gulani masipanala abwino a 8, 10, 12, 14 ndi 17, omwe amamasula pafupifupi chilichonse panjinga za kabaza zimene zizibwera kwa inu. Enawo muzigula imodziimodzi akamafunika.