Korona ndi chaka sizinena kuti mfuti inanyamulidwa ndi ndani

Wowerenga wina wa ku Birmingham wandilembera imelo. Wagula mfuti yakale ya Lee-Enfield, yomwe anaitseka kuti isawombenso, ndipo ili ndi zizindikiro izi zodindidwa: korona, G.R., BSA Co. ndi 1917. Wogulitsa akuti inali ya asilikali a Keyala ku Burma. Akufunsa ngati n'zoona.

Achimwene, funso lanu landikhudza kwambiri. Agogo anga aamuna anali a Keyala, King's African Rifles, ndipo mu 1944 anali m'matope a chigwa cha Kabaw ku Burma komweko. Anabwerako ndi mendulo, malungo ndi tulo todzidzimuka. Mfuti anabweza, poti inali ya boma. Akasangalala ankatenga mpini wa khasu n'kutionetsa momwe ankakokera chitsulo cholowetsera chipolopolo mu mfuti, zipolopolo khumi kutha munthu asanachotse diso pa mdani. Nambala yawo ya usilikali ankaitchula pamtima ngakhale atayamba kuiwala mayina athu adzukulu. Za anzawo amene anatsala kumeneko sankanena. Ndikadutsa pa chipilala cha asilikali ku Zomba ndimakumbukira kukhala chete kumeneko.

N'chifukwa chake zimandiwawa wogulitsa akamata dzina la Keyala pa mfuti kuti mtengo ukwere. Ndinene mosabisa, kumeneko n'kudyera pa magazi a agogo athu. Enanso ondikwiyitsa ndi aja amapala thabwa ndi chitsulo kuti mfuti iwale, n'kufufuta zizindikiro zomwe zapirira nkhondo ziwiri. Msiyeni nkhalamba ndi makwinya ake!

Zoti muyang'ane

G.R. ndi mfumu George V. BSA ndi Birmingham Small Arms, fakitale ya mumzinda wanu womwewo, ndipo 1917 ndi chaka chomwe inapangidwa. Yang'ananinso ngati pali zizindikiro zina izi: kamuvi kotambalala kamasonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Timivi tiwiri toyang'anizana tikutanthauza kuti boma linaigulitsa. FTR ndiye kuti inakonzedwanso kufakitale, DP inali yongophunzirira perete. Onani ngati nambala ya pa chokokera ikufanana ndi ya pathupi la mfuti.

Mfuti za 1917 zambiri zinagwiradi ntchito pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, choncho ku Burma ikhoza kukhala kuti inafika. Koma zomwe mwandiwerengerazi sizikunena zimenezo. Gulu la asilikali linkadindidwa pa kachitsulo kozungulira ka mkuwa pa thabwa la paphewa, ndipo ngakhale kameneko kamangogwidwa ndi sikuluwu imodzi, aliyense atha kukasintha. Bwererani kwa wogulitsayo akuonetseni mapepala.